Nthaka Imene Imapuma Lachiwiri ndi Lachisanu

— Halo?

— Halo! Halo! Aluniq?

— Ndikukumvani, malume. Musakuwe, iyi ndi foni.

— Halo?

— Ndati ndikukumvani!

— Eyaa, wamveka tsopano. Ndine malume ako, Kuutuuq.

— Ndadziwa kale, dzina lanu latuluka. Mwadzuka bwanji?

— Ine ndadzuka. Msana ndi umene unatsalira pabedi, koma wandipeza. Kaya iwe kumzinda wa Anchorage kumeneko?

— Ndadzuka bwino, kungoti mtima uli m'mwamba. Kumudzi kuli bwanji?

— Kuli bwino. Udzudzu watha, mphepo yayamba. Galu wa aneba athu a Avaiyak wabereka.

— Zabwino zimenezo.

— Ana asanu ndi mmodzi, onse nkhope ya a Avaiyak.

— Malume! Nanga a m'bwato mwanu ali bwanji?

— Ali bwino. Injini takonza, zingwe taunika. Pakatha sabata ziwiri tikhala tili panyanja kudikira nangumi.

— Mphepo ikusokosa kwambiri. Muli panja?

— Ndili pamwamba pa mgolo, kuseri kwa shedi. Netiweki lero yasamukira kuno. Dzulo inali padenga la tchalitchi.

— Osaimbira m'nyumba bwanji?

— M'nyumba muli wailesi yolankhulirana ija. Batani lake limakanirira. Waiwala tsiku lija mudzi wonse unandimva ndikukangana ndi nsapato yanga?

— Mpaka lero anthu amafunsa kuti anapambana ndani.

— Zisiye zimenezo. Azakhali ako a Masak afika bwino?

— Afika dzulo. Panopa ali kale m'holo ya msonkhano, mpando wakutsogolo, chikhalireni seveni koloko. Okonza mipando achita kuwapeza.

— Bondo lija?

— Akutsimphina, koma akuti ngakhale chokwawa ayenera kundiona ndikulankhula.

— Bondo lodabwitsa limenelo. Kukangotentha layamba. Chiyambire Juni mkazi wanga sanapondeko kutchalitchi, chaka chathanso chimodzimodzi. Koma ndege wakwera bwinobwino. Uwauze asaiwale malalanje.

— Ndiwauza. Malume, kwatsala maminitsi twente kuti ndikaime kutsogolo. Muli anthu mazana atatu m'menemo, akatswiri okhaokha. Ngati nkhani ndi malalanje...

— Ayi, sindikuchedwetsa, Amayi.

— Eee, zayambika.

— Chayambika n'chiyani?

— Mukanditchula kuti Amayi ndiye kuti mwapalamula.

— Dzina la malemu mayi anga anapatsa iwe tsiku lomwe unabadwa. Ndikutchule chiyani?

— Masiku onse ndimakhala "iwe mwana". Ndimasanduka Amayi mukagwetsa injini m'madzi.

— Kamodzi kokha kamene kaja! Ine ndaimba kuti ndikuthandize. Tandiuza zimene ukanene m'holomo, uyesere pa ine. Lilime limafuna kutenthetsa ngati injini.

— Munazimva kale.

— Bwereza. Batire ilipo, timizere tiwiri.

— Chabwino, mwachidule. Nthaka yakwathu inali youndana ngati ayezi kuyambira kalekale, chilimwe ndi chisanu chomwe. Tsopano kukutentha, ikusungunuka. M'kati mwake muli udzu ndi ndere zakale zimene zinauma ndi kuzizira zisanawole. Zikasungunuka zimawola, zimasanduka chonde.

— Manyowa.

— Eya, manyowa. Ndiye pali madzi amene amayenda pansi pa nthaka, osaoneka. Madziwo amakokolola chondecho n'kukachithira m'dziwe lathu lija, kuchoka apo m'nyanja. Tomera ting'onoting'ono ta m'nyanja timadya chondecho, tizilombo timadya tomerato, nangumi amadya tizilomboto.

— Ndiye kuti chimene chalowa pansi pano chimakathera m'mimba mwa nangumi.

— Tingatero. Ndinanena zomwezi pamsonkhano wa kusukulu zaka ziwiri zapitazo, inu muli m'tulo.

— Sindinagone ine. Ndinatsinzina kuti ndimve bwino. Ndipo ndinamvetsa kuposa onse anali m'menemo. Pitiriza.

— Kuti tiyeze madziwo tinakhoma mapaipi khumi ndi awiri m'nthaka, m'mbali mwa dziwe. M'paipi iliyonse muli kamakina kolemba ola lililonse kuti madzi ndi ochuluka bwanji, chonde n'chochuluka bwanji.

— Nambala seveni ndi iyi ili kuseri kwa shedi yangayi.

— Yomweyo.

— Ndikuiona. Ikundiyang'ana.

— Imeneyo ndiye nkhani yanga yonse, malume. Mapaipi enawo chonde chake n'chapang'onopang'ono. Koma seveni! Kuchulukitsa ka handiredi. A Pulofesa, abwana anga, akuti ayenda ku Greenland, ayenda ku Siberia, sanaonepo zotere. Tsiku loyamba kuona manambalawo anavula magalasi n'kukhala pansi.

— Pampando?

— Pansi penipeni.

— Pepa.

— Mukupepesa chiyani? Ndi nkhani yabwino! Chodabwitsa china, chondecho sichibwera tsiku lililonse. Chimabwera mwamphamvu Lachiwiri, Lachisanu, komanso...

— Halo? Wadukaduka.

— Ndati Lachiwiri, Lachisanu...

— Eya, zimenezo ndamva. Nthawi yanji?

— Leveni koloko m'mawa, osaphonya. A Pulofesa akuti nthaka ikupuma.

— Ikupuma Lachiwiri ndi Lachisanu.

— Inde. Tinavutika nazo miyezi itatu. Tinayesa mwezi, sizinagwirizane. Tinayesa mafunde, ayi. Kenako a Pulofesa anadzidzimuka ali m'bafa, akuti: ndege ya makalata! Imatera Lachiwiri ndi Lachisanu, leveni koloko. Ikagunda pansi nthaka imanjenjemera, n'kufinya madzi ngati chinkhupule.

— Kandege kaja? Kamene kamagwedezeka munthu akayetsemula?

— Tinachita kuyeza kulemera kwake, ndi woyendetsa yemwe. Ndiye pali chimbalangondo chija chinabwera kudzanyambita paipi katatu. A Pulofesa akuti ngakhale nyama zazindikira kuti pamenepo pali chachilendo.

— Zazindikiradi.

— Malume, mawu anu sakundisangalatsa.

— Mphepo imeneyo. Tamvera, azakhali ako anandiuza dzulo pafoni kuti kukubwera chimakina.

— Sabata yamawa. Chobowola nthaka. Akufuna akumbe kuzungulira paipi seveni, aone chimene chili pansipo.

— Kuzungulira mpaka pati?

— Mamita teni mbali zonse.

— Mamita teni afika pankhokwe.

— Nkhokwe ya pansi ija? Sakhudza, angoyang'anamo pang'ono. Akuti akufuna aone makoma ake.

— Asayang'anemo.

— Bwanji?

— Muli mdima.

— Ali ndi matochi.

— Makwerero ndi okalamba.

— Malume.

— A Pulofesa ako ndi onenepa, chitseko n'chaching'ono.

— Malume Kuutuuq, kwatsala maminitsi khumi ndi atatu. Mwachita chiyani?

— Amayi, khalani pansi.

— Ndaima pakhonde la hotelo, palibe mpando. Nenani.

— Nkhokwe yalowa madzi.

— Iti? Ya agogo?

— Tili ndi ina? Yomwe bambo anga anakumba ndi chitsulo ndi manja, zaka makumi asanu ndi awiri zapitazo. Nyama ya nangumi inkakhala m'menemo zaka ziwiri ili gwa ngati mwala. Chaka chatha mu Juni ndatsika, ndamva dontho pakhosi. Ndayang'ana, khoma likutuluka thukuta.

— Mayo ine.

— Chaka chatha anali madzi ofika m'kakolo. Chaka chino m'mawondo. Maktak onse a nangumi wa chaka chatha, chikopa ndi mafuta ake omwe, amene tinasungira phwando la Khirisimasi likubwerali, avunda. Akuyandama, Aluniq. Ndikatsika amandizungulira ngati akufuna kundifunsa mafunso.

— Pepani, malume. Pepani kwambiri. Azakhali akudziwa?

— Asadziwe! Ukudziwa wekha mmene zimakhalira. Nangumi sagwidwa, amadzipereka yekha. Ndipo sabwera kwa ine, ine ndimangoyendetsa bwato. Amabwera kwa mkazi wa kaputeni, ataona kuti nkhokwe yake ndi yoyera, yokonzeka kumulandira. Anthu akamva kuti mphatso ya nangumi yawolera m'nyumba mwathu, sanena kuti dziko latentha. Anena kuti Masak walephera.

— Si onse anganene choncho.

— Akwanira atatu. Zaka makumi anayi mayi ameneyu akukolopa nkhokwe imeneyi atagwada. Ndimuuze kuti yafa?

— Ndamva, malume. Tikambirana ndikamaliza, tipeza chochita. Koma izi zikukhudzana bwanji ndi paipi yanga?

— Madziwo ndimawakapa ndi ndowa.

— Eya.

— Ndiye madzi amenewo si madzi wamba. Ndi msuzi wa nangumi. Sungautaye pabwalo, agalu anyambite, nsapato ziponde. Za nangumi zimabwerera kunyanja, umadziwa.

— Ndikudziwa. Ndiye mumakataya kunyanja.

— Nthawi yanji? Chilimwe dzuwa sililowa, limangozungulira mudzi ngati mlonda. A Avaiyak amakhala pawindo ndi zoyang'anira patali zawo, amadziwa ngakhale tsiku limene ndasintha masokosi. Ndidutse pakhomo pawo ndi ndowa yonunkha?

— Malume, musanene chimene ndikuganizachi.

— Ndiye ndinakumbukira mawu ako a kusukulu aja. Unati chimene chalowa pansi chimayenda mobisika mpaka kunyanja, nangumi n'kudya. Ndinati mwana uyu Mulungu amudalitse, wandikhomera njira kuseri kwa shedi yanga yomwe.

— Ayi.

— Ndinadula chigubu n'kupanga chothirira.

— Ayi, ayi, ayi.

— Imameza pang'onopang'ono paipi yako. Ndowa imodzi ndimatha nyimbo ziwiri za m'buku.

— Paipiyo ili ndi loko!

— Kiyi unasungitsa ndani?

— Inu! Ndinasungitsa inu kuti muziteteza! Ndalemba dzina lanu patsamba lomaliza, zilembo zikuluzikulu: tikuthokoza Kaputeni Kuutuuq posamalira paipi seveni!

— Ndaisamaliradi. Sinagonepo ndi njala.

— Lachiwiri ndi Lachisanu...

— Ndege ikatera mudzi wonse umathamangira kubwalo kukaona makatoni. A Avaiyak omwe amachoka pawindo. Azakhali ako amapita kukalandira makalata. Ndimakhala ndi ola lathunthu.

— Tinayeza kulemera kwa woyendetsa ndege, malume! Bambo wa ana atatu, tinamukweza pasikelo ya nsomba!

— Ndinaona. Ndinafuna kunena tsiku lomwelo, koma munali osangalala kwambiri.

— Chimbalangondo chija...

— Chimenecho chokha ndiye chinamvetsa sayansi yake.

— Musandiseketse, ndikufuna kulira. Zaka ziwiri! Ndalumidwa ndi udzudzu mpaka m'zikope. Ndine woyamba m'mudzi mwathu kuima pamsonkhano umenewu, azakhali avala diresi latsopano, ndiye ndikaime ndinene kuti chodabwitsa cha dziko lonse ndi malume anga ndi chigubu?

— Ndiye usanene. Nena za ndegezo, n'zokoma. Ungowauza kuti chimakina chisabwere, nthaka ikufuna kupuma.

— Mukundiuza kuti ndikaname.

— Bodza lili pati? Tandiyankha. Madziwo achokera m'nthaka?

— Inde, koma...

— Alowa m'nkhokwe chifukwa kwatentha?

— Inde.

— Ali ndi chonde?

— Chonde cha nyama yovunda!

— Chonde ndi chonde. Apita kunyanja?

— Apita.

— Ndiye ine ndalakwa chiyani? Ndangowaperekeza.

— Sayansi siyenda choncho, malume.

— Yayenda. Chaka chatha ndinathira chilimwe chonse, Seputembala nangumi anabwera molunjika pabwato langa, wonenepa, mafuta mpaka apa. Anandiyang'ana ngati akundidziwa. A Avaiyak sanathire kanthu, anabwerako ndi chimfine.

— Ndatha ine. Ndatheratu. A Pulofesa ndiwayang'ana bwanji?

— Ayamba akhala pansi, anazolowera.

— Sindinganame, malume. Ndikanama lero, chaka chamawa wina ku Siberia akakhala pabwalo la ndege ndi sikelo. Ndipo chimakina chibwera ndithu. Koma ndikanena zoona, azakhali amva pamaso pa anthu mazana atatu, kuchokera pakamwa panga.

— N'chifukwa chake ndaimbira Amayi, osati mwana. Mayi anga akanadziwa chochita.

— Mayi anu akanakukwapulani ndi chigubu chomwecho.

— Akanatero. Kenako akanadziwa chochita.

— Maminitsi seveni. Ndilibe choti ndikanene. Manambala anga onse ndi msuzi.

— Si onse. Pali mapaipi enawo.

— Enawo akungonong'ona. Palibe amene wakwera ndege kudzamva kunong'ona. Chimene aliyense akufuna kudziwa n'chakuti madzi a pansi akuwonjezeka bwanji chaka ndi chaka, ndipo ine ndimati seveni ndiye yankho.

— Akuwonjezeka kwambiri. Chaka chatha ndowa ziwiri pa ulendo. Chaka chino Juni zitatu, Julayi zinayi, mwezi uno faifi.

— Mwati bwanji?

— Ndati mwezi uno faifi.

— Mumawerenga?

— Nanga kaputeni amachita chinthu osawerenga? Ndowa iliyonse ndimatema kamzere ndi mpeni kuseri kwa chitseko cha shedi. Tsiku ndi tsiku lake, mzere ndi mzere wake. Chitseko chatsala pang'ono kudzaza.

— Ndowa yake ndi imodzimodzi nthawi zonse?

— Yobiriwira ija, ya magaloni faifi.

— Mumadzaza mpaka pati?

— Mpaka pamlomo. Ndine munthu wotani ine?

— Ndipo mumakapa mpaka pouma?

— Mpaka pansi pawoneke.

— Malume, tsikani pamgolo mukajambule chitsekocho.

— Ndikatsika netiweki ithawa.

— Ndiye werengani muli pomwepo! Mukudziwa chimene muli nacho? Dzenje la mamita anayi m'kati mwa nthaka youndana, louma zaka makumi asanu ndi awiri, ndiye munthu wayeza madzi olowamo zaka ziwiri osadumpha. Palibe ali ndi zimenezo. Ife timakhoma timapaipi ta m'chiuno n'kumaganizira. Inu muli m'kati mwenimwenimo!

— Ndiye kuti ndine wasayansi.

— Ndinu chigawenga chokhala ndi manambala abwino.

— A Avaiyak akamva afa.

— Koma dikirani. Pa chitsekopo pali masiku angati pa sabata?

— Awiri. Ndakuuza.

— Nanga Lamlungu?

— Lamlungu latani?

— Paipi seveni imalandiranso Lamlungu, leveni koloko. Ndinanena poyamba paja, foni inaduka. Ndipo Lamlungu ndiye pamachuluka kuposa masiku enawo.

— Lamlungu kulibe ndege.

— A Pulofesa akuti ndi belu la tchalitchi. Akuti likalira nthaka imanjenjemera chimodzimodzi. Tinachita kulijambula mawu.

— Belulo ndimaliza ndine.

— Eya, ndiye mukamaliza kuliza mumathamangira kushedi.

— Iwe mwana, ine ndine mkulu wa mpingo. Ndikaliza belu ndimakhala benchi yakutsogolo mpaka dalitso lomaliza. Kuthira msuzi pa Sabata? Undione bwino.

— Ndiye amathira ndani?

— Kiyi ali pamsomali m'khitchini, kuseri kwa kalendala. Palibe amadziwa.

— M'khitchini.

— Eya.

— Mwabisa kiyi m'khitchini mwa azakhali.

— Kuseri kwa kalendala, ndati.

— Malume, ndani satuluka m'nyumba Lamlungu leveni koloko?

— Mudzi wonse umakhala kutchalitchi. A Avaiyak amaimba kwaya, moipa. Amatsala ndi agalu basi, ndi odwala... Halo?

— Ndilipo.

— Bondo.

— Limayamba mu Juni.

— Limapola nyanja ikaundana.

— Inde.

— Makwerero aja ali ndi masitepe khumi ndi anayi, Aluniq. Oterera. Ine mwamuna ndimafika pamwamba ndikupuma ngati galu.

— Ndikuwadziwa.

— Lolemba lililonse ndimapeza madzi atachepa. Ndimati Mulungu wamva pemphero la dzulo lake. Ndowa ndimaisiya yonunkha, ndimaipeza yotsukatsuka, yovundikira bwino. Ndimati ndi mvula.

— Mvula yolowa m'shedi n'kuvundikira ndowa?

— Ndinaganizakonso kuti ndi mayi anga. Ndinkawathokoza ndikamatsika.

— Ine sindinatsukepo ndowa yanu.

— Zaka ziwiri mkazi ameneyu amandiyang'ana ndikudya, ine kumuyang'ana akudya, aliyense atakhalira dzenje lomwelo. Bwanji osandiuza?

— Inu bwanji simunawauze?

— Ine ndimateteza dzina lake!

— Iwo amateteza nkhokwe ya bambo anu. Amadziwa kuti mumailankhula ngati munthu.

— Ndiye bondolo n'labodza?

— Poyamba mwina linali labodza. Dzulo ndawaona akutsika masitepe a ndege. Tsopano n'lenileni.

— Mtima ukundipweteka, Amayi. Ndikunena zoona, ukundipweteka.

— Gwirani khoma la shedi, mungagwe pamgolopo.

— Tamvera. Kanene zonse. Za chigubu, za kiyi, za nyimbo za m'buku, zonse. Koma ukanene kuti Lamlungunso ndine. Iye asatchulidwe.

— Mkulu wa mpingo kuthira msuzi pa Sabata?

— Andichotse paudindo. Belu akaliza a Avaiyak, anthu adzaphunzira kuyamikira.

— Sizingatheke. Chitseko chanu chilibe mizere ya Lamlungu, ndipo popanda Lamlungu manambala ndi opunduka. Madzi ena anatuluka osawerengedwa. Funso loyamba m'holo likhala limenelo.

— Peka.

— Mwayambanso. Dikirani, chitseko cha holo chatseguka. Akubwera.

— Ndani?

— Azakhali. Akundikodola... Eee, azakhali, ndikubwera pompano... Ndi malume... Ayi, angondifunira mafuno abwino.

— Malalanje! Uwauze kuti ndaimbira za malalanje basi!

— Akuti malalanje agula kale, ali m'chikwama.

— Aha. Chabwino. Basi, apite akakhale, bondo lingatupe.

— Akuti lero Lachisanu, ndege yatsala pang'ono kutera, ndiye mukutani pafoni?

— Atero?

— Akuti mutsike bwino, sitepe lachinayi n'lothyoka. Iwo anangolimanga ndi lamba wa epuloni.

— Ndimayesa ndinamanga ndine n'kuiwala.

— Ndi lamba wa maluwa, malume?

— Mumdima maluwa saoneka.

— Dikirani, akutulutsa kanthu m'chikwama... Ndi kalendala ya chaka chatha, ndi tsamba la chaka chino... Azakhali, mwabwera nazo kuno?... Akuti anaona chithunzi cha paipi seveni pachikwangwani cha msonkhano, ndi shedi kumbuyo kwake, ndiye anadziwa kuti mwana akupita kukagwa m'dzenje. Akuti amafuna andipatse usiku wathawu, koma anati ayambe aona ngati mwamuna wawo ali ndi pakamwa.

— Ndili napo. Ndaimba, si ndaimba?

— Akuti mwaimba kutatsala maminitsi twente, ngati mmene munawafunsira ukwati sitima itayamba kale kuliza hutala.

— Zimenezo si za msonkhano. Palembedwa chiyani pakalendalapo?

— Lamlungu lililonse lili ndi nambala pakona. Chaka chatha zitatu, zitatu, zinayi. Mwezi uno seveni.

— Seveni?

— Seveni.

— Ine faifi.

— Inu faifi.

— Kuchoka Lachisanu kufika Lamlungu ndi masiku awiri okha, madzi angachuluke bwanji kuposa anga?

— Akuti inu mumakapa pakati pokha. Kumakona kumatsala.

— Ndi bondo limenelo, kasanu ndi kawiri, kukwera ndi kutsika. Mpatse foni.

— Azakhali, akuti... Akana. Akuti nkhani za m'nyumba zikakambidwa m'nyumba, panopa mwana akuchedwa. Akutinso ndowa lero mutsuke nokha.

— Ufunse ngati akulola kuti anthu amve.

— Amva kale funso lanu, mumakuwa. Akuti nangumi akudziwa chiyambire chaka chatha ndipo anabwerabe, ndiye otsala ndani woti timuope?

— A Avaiyak.

— Akuti akazi a Avaiyak anabwereka ndowa yathu yachiwiri mu Julayi, sanabwezebe. Nkhokwe yotuluka thukuta si yathu yokha.

— Ooo?

— Musayambe, malume.

— Sindinayambe. Ndangoti ooo. Ndege ija ikumveka, ili pamwamba pa dziwe.

— Ndiye mukathira?

— Lero nthaka sipuma. Ndikulowa m'nyumba ndikagwire wailesi, batani likanirire mmene lingafunire. Ndikanena kuti nkhokwe ya bambo anga yafa, Kuutuuq akufuna amuna a mafosholo tikakumbe ina kumtunda nangumi asanafike. Ndikufuna amve kwa ine asanamve kwa akatswiri.

— Akunditchula dzina pa maikolofoni.

— Ndiye yenda. A Pulofesa uwapezeretu mpando.

— Ndipita. Chithunzi cha chitseko mutumize pompano.

— Nditumiza. Aluniq!

— Malume, nthawi!

— Tsamba lomaliza lija, lothokoza. Dzina langa usafute.

— Sindifuta.

— Ulembe lina pamwamba pake. Zilembo zikuluzikulu kuposa zanga.

— Ndilemba. Tsikani bwino pamgolopo.

— Pitani, Amayi. Umugwire mkono polowa, asatsimphine yekha pamaso pa anthu. Ndikangotsika apa netiweki ith...

— Halo? Malume? Halo?